Mpando, Lamba ndi Sikweya Mita: Mbiri ya Mawu a Chingerezi a Sitima za Opita ku Ntchito

Chaka china ndinalandira ntchito yomasulira m'Chichewa kabuku kofotokoza sitima zatsopano zonyamula anthu opita ku ntchito mumzinda wina waukulu. Eni kabukuko ankafuna kuti alendo ogwira ntchito mumzindawo, omwe ena mwa iwo ndi anthu a kwathu, akawerenge m'chilankhulo chawo. Masamba oyambirira anayenda bwino: zitseko, mawindo, mabuleki, malo a njinga za anthu aulumali. Kenako ndinafika pa tebulo la mizere itatu. Mzere woyamba unati "seated capacity", wachiwiri "standing capacity", wachitatu "crush load". Kutsogolo kwa mzere uliwonse kunali nambala, ndipo nambala yachitatuyo inali yaikulu kuposa zinzake.

Mizere iwiri yoyamba sinandichedwetse: okhala pansi ndi akuti, oimirira ndi akuti. Wachitatuwo unandidyera tsiku lonse. Mawu oti "crush" amanena za kufinya chinthu mpaka chitekedzeke, monga umachitira mwala wa mphero. "Load" ndi katundu. Ndikanatsata mawuwo monga alili, ndikanalemba kuti "katundu wofinyika", pomwe katunduyo ndi mayi yemweyo amene adzawerenge kabukuko ataimirira pa siteshoni 5 koloko m'mawa. Ndinaika cholembera pansi n'kuyamba kufufuza kuti Chingerezi chinafika bwanji pa mawu otere. Ndinapeza kuti mawu ofotokoza kapangidwe ka sitimazi ndi kuchuluka kwa okweramo ali ndi mbiri ya zaka pafupifupi 200, ndipo mbiri yonseyo yazungulira pa funso limodzi: ndani akhale pansi, ndani aimirire, ndipo woimirirayo awerengedwe bwanji.

Mawu obwereka ku ngolo za akavalo

Pa 15 September 1830 njanji ya pakati pa Liverpool ndi Manchester ku England inatsegulidwa, n'kuyamba kunyamula anthu ndi injini za nthunzi motsata ndandanda ya nthawi. Chinthucho chinali chatsopano koma mawu ake anali akale. Anthu a ku Britain anazolowera kuyenda maulendo ataliatali pa ngolo zokokedwa ndi akavalo, choncho anangonyamula mawu a ngolozo n'kuwaika pa njanji. Bogi yonyamula anthu inatchedwa "coach" kapena "carriage", omwe ndi mayina a ngolo za akavalo. Woyendetsa anakhalabe "driver", woyang'anira ulendo anakhalabe "guard", ndipo pogulira tikiti panatchedwa "booking office" chifukwa kalaliki ankalemba wokwera aliyense m'buku, monga ankachitira ogulitsa malo pa ngolo.

Ngakhale maonekedwe a bogi anachokera komweko. Amisiri anatenga matupi atatu a ngolo n'kuwalumikiza pamwamba pa mawilo a njanji. Thupi lililonse linasanduka kachipinda kokhala ndi chitseko chakechake mbali zonse ziwiri ndi mipando iwiri yoyang'anizana. Kachipinda kameneko ndi komwe kamatchedwa "compartment", ndipo kanalamulira sitima za ku Britain kwa zaka zoposa 100. M'kalasi yoyamba kachipinda kankatenga anthu 6, atatu uku atatu uku. Kuwerenga kunali kosavuta: mipando 18, anthu 18.

Kuwerenga kotereku kunali kwa olemera okha. Makampani atayamba kunyamula amphawi m'kalasi yachitatu, ena ankawaika m'mabokosi a matabwa opanda denga, ndipo ena mwa mabokosiwo analibe ngakhale benchi. Anthu anawapatsa dzina lachipongwe loti "Stanhope". Ili linali dzina la kangolo kokongola ka mabwana, koma likatchulidwa msanga limamveka ngati "stand-up", kutanthauza choimirira. Choncho ena mwa mawu oyamba a Chingerezi onena za wokwera sitima woimirira anali nthabwala ya anthu odziseka okha ali pamvula.

Nthabwalayo inatha m'mbandakucha wa pa 24 December 1841. Sitima ya kampani ya Great Western yochokera ku London inagunda dothi lomwe linagumukira pa njanji pa malo otchedwa Sonning, kufupi ndi Reading. Mabogi a kalasi yachitatu anali pakati pa injini ndi mabogi olemera a katundu, ndipo anaphwanyika. Anthu 8 anafera pomwepo, ena mwa iwo amisiri omanga amene ankapita kwawo kukadya Khirisimasi. Patapita zaka zosakwana zitatu, mu 1844, William Gladstone anapititsa ku Nyumba ya Malamulo lamulo lonena kuti pa njanji pazidutsa sitima imodzi tsiku lililonse, popita ndi pobwera, yoima pa siteshoni iliyonse, yolipiritsa kobiri limodzi pa mailo, yothamanga mailosi osachepera 12 pa ola, ndipo mabogi ake akhale ndi mipando ndi chotchinga mvula ndi mphepo. Sitima imeneyi inatchedwa "parliamentary train", sitima ya Nyumba ya Malamulo. Makampani ambiri ankaiyendetsa nthawi zovuta kuti anthu aithawe, komabe mfundo inali italembedwa: ngakhale wolipira pang'ono ayenera mpando ndi denga. Tiisunge mfundo imeneyi, chifukwa mawu onse obwera pambuyo pake ndi njira zoizembera mwaulemu.

Wosinthanitsa tikiti

Mawu oti "commuter" sanabadwire ku Britain. M'zaka za m'ma 1840 makampani a njanji ozungulira mizinda ya ku America monga New York, Boston ndi Philadelphia anayamba kugulitsa "commutation ticket". Mneni woti "commute" unkatanthauza kusinthanitsa, monga woweruza amasinthira chilango chachikulu ndi chocheperapo. Munthu ankasinthanitsa ndalama zolipira tsiku ndi tsiku ndi malipiro amodzi otsikirapo a miyezi ingapo. Wokhala ndi tikiti yotere ndiye anadzatchedwa "commuter". Anali munthu wopeza bwino, wotha kulipira ndalama zambiri pakamodzi, amene anasankha yekha kukagona kunja kwa mzinda kothawa utsi ndi phokoso. Ku Britain tikiti yomweyo inkatchedwa "season ticket", ndipo mawu a ku America aja anazika mizu kumeneko mochedwa, m'kati mwa zaka za m'ma 1900.

Amereka anasiyananso ndi a ku Britain pa kapangidwe. Bogi yawo inali yaitali, yopanda tizipinda, ya kanjira pakati ndi zitseko kumapeto, ndipo ankaitcha "car". Njanji zawo zinali zomangidwa mofulumira ndi zokhotakhota, choncho bogi yaitaliyo ankaikhazika pa timafelemu tiwiri ta mawilo totha kutembenuka patokha pokhota. Ku America kafelemu kotere ndi "truck", ku Britain ndi "bogie". Apa womasulira wa Chichewa amamwetulira, chifukwa kwa ife bogi ndi chinyumba chonse chokhalamo anthu, monganso amanenera olankhula Chingerezi ku India, pomwe kwa injiniya wa ku Britain "bogie" ndi mawilo a pansi okha. Nalonso dzina loti sitima linayenda ulendo wake. Linachokera ku "steamer", chombo choyendera nthunzi monga Ilala imene inafika pa nyanja yathu mu 1875. Njanji itafika ku Blantyre mu 1908, dzinalo linali litakhala kale pamadzi, n'chifukwa chake mpaka lero timachita kuwonjezera kuti sitima ya pamtunda.

Kanjira kapakati kaja, komwe m'Chingerezi ndi "aisle", poyamba kanali kongodutsamo. Koma malo odutsamo ndi malo otheka kuimamo. M'kachipinda ka ku Britain woimirira ankaponda mapazi a okhala pansi, ndipo aliyense ankaona kuti pali cholakwika. M'bogi ya ku America woimirira anali ndi malo ake okonzeka kale.

Sitima za m'mbandakucha

Mu London, njanji zinkalowa mumzinda pogumula nyumba za amphawi, chifukwa malo awo ndi omwe anali otsika mtengo. Anthu zikwizikwi anasamutsidwa, koma ntchito zawo zinatsala pakati pa mzinda. Apa panabadwa mawu ena, "workmen's train", sitima ya anthu ogwira ntchito zamanja. Njanji ya Metropolitan, yoyamba ya pansi pa nthaka padziko lonse, inatsegulidwa pa 10 January 1863 pakati pa Paddington ndi Farringdon, ndipo tsiku loyamba lokha inanyamula anthu 38,000. Mu 1864 inayamba kuyendetsa sitima za m'mamawa zolipiritsa makobiri atatu popita ndi pobwera, ndalama imene agogo athu ankaitcha tiki. Chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo inalola kampani ya Great Eastern kumanga njanji yolowera ku Liverpool Street, koma inailamula kuti izinyamula antchito a ku Edmonton ndi ku Walthamstow pa makobiri awiri okha. Mu 1883 lamulo lotchedwa Cheap Trains Act linachotsa msonkho pa matikiti otsika mtengo n'kupatsa boma mphamvu yokakamiza makampani kuyendetsa sitima za antchito.

Kutsika mtengoko kunali ndi malire a nthawi. Tikiti yotsika inkagwira ntchito m'mbandakucha mokha, moti atsikana ogwira ntchito m'masitolo ndi m'mafakitale ankafika mumzinda ntchito isanatsegulidwe, n'kumadikira m'kuzizira. Cha m'ma 1900 tchalitchi cha All Hallows pa msewu wa London Wall chinkatsegula zitseko m'mawa kuti anthu otere apeze pokhala. Kampani inkasiyanitsa anthu ndi koloko: wamanja akwere kusanache, kalaliki akwere dzuwa litatuluka, bwana akwere pambuyo pa onse.

Makalasi nawo ankasintha. Kampani ya Midland inalola a kalasi yachitatu kukwera sitima zake zonse mu 1872, ndipo mu 1875 inathetsa kalasi yachiwiri. Makampani ena anatsatira pang'onopang'ono, mpaka sitima zambiri zinatsala ndi kalasi yoyamba ndi yachitatu popanda yachiwiri pakati. Dzina loti "third class" linakhalabe mpaka 1956 pamene linasinthidwa kukhala "second class", ndipo mu 1987 linasanduka "standard class". Benchi inali yomweyo, dzina lokha ndi lomwe linkasambitsidwa.

Anthu atachuluka, makampani a tizipinda ankayankha powonjezera mipando. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 Great Eastern, pansi pa injiniya wake James Holden, inkadula mabogi akale pakati m'litali n'kulowetsapo chigamba kuti atambasuke, benchi ya anthu 5 izitenga anthu 6. Mawu ake anali "six-a-side": anthu 12 m'kachipinda, mawondo kugundana. Mu 1920 kampani yomweyo inakonza ndandanda yoti pa nthawi yotanganidwa sitima za nthunzi zizitsatana pa mphindi ziwiri kapena zitatu zilizonse. Pamwamba pa mawindo anapakapo mizere, yachikasu ya kalasi yoyamba ndi yabuluu ya yachiwiri, kuti wothamanga apeze bogi yake msanga, ndipo anthu anazitcha sitima za "Jazz". Pa zonsezi chowerengedwa chinali chikadali mpando. Woimirira analipo, wambiri ndithu, koma m'mabuku a kampani anali ngati mlendo wongodutsa.

Lamba wa pamwamba

Magetsi ndi amene anamulowetsa woimirira m'mabuku. Mu 1890 njanji ya City and South London inayamba kuyenda m'mphanga zozungulira zokumbidwa mozama pansi pa mtsinje wa Thames. Mphangazo zinali zopapatiza, choncho mabogi anali aang'ono, a mipando 32, mabenchi atatsamira makoma m'litali, mawindo ali timing'alu ta pamwamba. Okwera anawatcha "padded cells", dzina la tizipinda ta makoma ofewa totsekeramo odwala misala. Kalasi inali imodzi, mtengo unali umodzi, makobiri awiri. Mabenchi otsamira khoma otere masiku ano amatchedwa "longitudinal seating", pomwe oyang'ana kutsogolo kapena kumbuyo ndi "transverse seating". Mawuwa amamveka ngati a masamu, koma tanthauzo lake ndi la miyendo: oyambawo amasiya bwalo pakati loimamo anthu ambiri, achiwiriwo amapatsa anthu ambiri pokhala.

Ku Chicago, mu 1897 ndi 1898, Frank Sprague anasonyeza kuti sitima siyenera kukokedwa ndi injini imodzi. Mabogi angapo atha kukhala ndi mota zawozawo pansi, zonse zikumvera woyendetsa mmodzi. Sitima yotere ndi "multiple unit", ndipo yamagetsi amaifupikitsa kuti EMU. Imanyamuka ndi kuima mofulumira, ndipo ikafika kumapeto woyendetsa amangoyenda kupita mbali inayo. Wamalonda wa ku America Charles Yerkes atagula njanji zingapo za pansi pa London kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, anabweretsa luso limeneli pamodzi ndi mawu ake. N'chifukwa chake mpaka lero njanji ya pansi ya London imati "car" pamene njanji zina za m'dziko lomwelo zimati "coach". M'mabogi atsopanowo munalendewera malamba achikopa ogwirira, ndipo cha m'ma 1905 manyuzipepala a ku London anali atayamba kutchula munthu wa mtundu watsopano, "straphanger", wolendewera pa lamba. Lamba ameneyu ndi umboni wofunika m'mbiri yathuyi. Kampani ikakhomera lamba kudenga, ndiye kuti yavomera kuti kuimirira si ngozi ya tsiku limodzi ayi, ndi gawo la malonda ake.

Kuchokera apo mainjiniya anayamba kuganiza za anthu monga madzi oyenda m'paipi. "Headway" ndi mpata wa nthawi pakati pa sitima ndi inzake. "Dwell time" ndi masekondi amene sitima imaima pa siteshoni zitseko zili zotsegula. "Vestibule" ndi kabwalo ka pakhomo, "gangway" ndi mpata wodutsira kuchoka bogi ina kupita ina. Zitseko zotseguka ndi mphamvu ya mpweya, zimene zinafika pa njanji ya Piccadilly cha m'ma 1920, zinachotsa ntchito anthu otsegula mageti n'kufupikitsa kuima. Anazindikira kuti kuchuluka kwa anthu amene njanji inganyamule pa ola kumadalira makomo koposa mipando.

Phunziroli linaoneka bwino mu 1949, pamene Oliver Bulleid anapanga sitima yosanjikiza yoyenda pakati pa Charing Cross ndi Dartford. Milatho ndi mphanga za ku Britain n'zazifupi chifukwa zinamangidwa kale, ndipo malire a kukula kwa sitima yotha kudutsamo amatchedwa "loading gauge". Bulleid analukanitsa tizipinda ta m'mwamba ndi ta m'munsi mwaluso kuti tikwane m'malirewo, ndipo mipando inachulukadi. Koma chitseko chimodzi chinkatumikira tizipinda tiwiri, anthu ankachedwa kutsika, ndipo sitimayo inkachedwetsa zinzake za m'mbuyo. Sanapangenso zina zotere. Anasankha kutalikitsa sitima ndi mapulatifomu, ndipo yosanjikizayo inapumitsidwa mu 1971. Mpando unali utagonja kwa koloko.

Munthu pa sikweya mita

Woimirira atavomerezedwa, panafunika muyeso wake. Boma la Britain limawerenga anthu m'sitima zolowa m'mizinda ikuluikulu, ndipo limagwiritsa ntchito mawu oti "passengers in excess of capacity", mwachidule PIXC, kutanthauza okwera opitirira mlingo. Chinsinsi chili pa mawu omalizawo. Pa ulendo umene sitima imaima pasanathe mphindi 20, "capacity" imaphatikiza mipando ndi malo oimirira, ndipo pa sitima zambiri woimirira mmodzi wakhala akupatsidwa 0.45 ya sikweya mita, pa zina 0.25 yokha. Ndiye kuti sitima itha kukhala ndi anthu mazana ataimirira koma lipoti n'kunena kuti palibe wopitirira mlingo. Mukasintha nambala ija kuchoka pa 0.45 kufika pa 0.25, sitima yomweyo imakula pa pepala popanda kuwonjezera msomali ngakhale umodzi.

"Crush load" nayo ili ndi chifukwa chake, ndipo tinene chilungamo. Injiniya ayenera kudziwa kulemera kwa sitima itadzaza kotheratu kuti mabuleki, masipuling'i ndi pansi pa bogi zisagonje. M'mapangano ogulira sitima mumapezeka makwerero olembedwa AW0, AW1, AW2 ndi AW3: yopanda munthu, ya okhala pansi okha, ya oimirira monga anayi pa sikweya mita, ndi yothithikana ya anthu 6 kapena kuposa. Ngati muyeso woteteza moyo, mawuwa alibe mlandu. Vuto limabwera pamene nambala yoyesera zitsulo yasanduka nambala yolengezera anthu. Ku Mumbai, kumene sitima zonyamula anthu zinayamba mu 1853 ndipo zamagetsi mu 1925, akuluakulu a njanji anafika popanga mawu oti "super-dense crush load", onena za anthu 14 mpaka 16 pa sikweya mita imodzi. Sitima ya mabogi 9 yoyenera anthu pafupifupi 1,700 inkanyamula oposa 4,000. Jambulani pansi bokosi la phazi limodzi lalikulu uku ndi uku, muitane anzanu 14 aimemo, mudzamva tanthauzo lake.

Ku London, njanji ya Metropolitan inalandira sitima zatsopano kuyambira 2010. Zakale za mabogi 8 zinali ndi mipando pafupifupi 450, zatsopano zili ndi yongopitirira 300, koma zinalengezedwa kuti zili ndi "capacity" yaikulu, ndipo ndi zoona. Sitima ya njanji ya Elizabeth, yomwe inatsegulidwa mu 2022, imawerengedwa kuti imanyamula anthu 1,500 pa mipando pafupifupi 450. Mawu otsagana nazo ndi ofewa: "walk-through", yodutsika kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, "tip-up seat", mpando wopindika, "perch seat", kotsamirapo chabe monga imaterera mbalame pa nthambi. Okwera nawo sanasiye kuyankha. Mipando youma ya sitima za Thameslink anaitcha matabwa ositirapo zovala, ndipo kalasi wamba amaitcha "cattle class", kalasi ya ng'ombe. Mzimu wa "Stanhope" uja sunafe.

Mawuwa atafika kummwera kwa Africa

Mawu onsewa anawoloka nyanja pamodzi ndi njanji za atsamunda, ndipo atafika kuno analemera ndi katundu wina. Mu June 1893 Mohandas Gandhi anatsitsidwa m'sitima pa siteshoni ya Pietermaritzburg ali ndi tikiti ya kalasi yoyamba m'manja. Ku England kalasi inkagulidwa ndi ndalama, ku South Africa inkayang'ananso khungu. Kwa zaka zambiri "third class" kunali kunena anthu akuda popanda kuwatchula.

Nayenso "commuter" anasintha nkhope. Lamulo la Group Areas la 1950 ndi kugumulidwa kwa Sophiatown kuyambira 1955 zinakankhira anthu kutali ndi mzinda, ku Meadowlands ndi malokeshoni ena a Soweto, ndipo sitima za ku Naledi, Dube ndi Orlando ndi zomwe zinkawabweza ku Johannesburg m'mawa uliwonse. Panabweranso mawu oti "frontier commuter", onena za anthu amene boma linkati ndi nzika za timayiko ta anthu akuda, omwe tsiku lililonse ankachoka ku Mabopane kupita ku Pretoria kapena ku Mdantsane kupita ku East London ngati akuwoloka malire a dziko. Taonani mawu amodzi akunyamula anthu atatu. Wa ku New York anasankha kukhala kutali. Wa ku London anathamangitsidwa ndi kugumulidwa kwa nyumba ndi kukwera kwa lendi. Wa ku Soweto anasamutsidwa ndi lamulo ndi apolisi. Mtanthauziramawu amawapatsa onse dzina limodzi.

M'mabogi amenewo munali moyo umene tebulo la manambala silingauone. Can Themba analemba nkhani yake ya sitima ya ku Dube, ndipo mu 1986 Santu Mofokeng anajambula zithunzi za mapemphero a m'mabogi a pakati pa Soweto ndi Johannesburg, anthu akuimba ataimirira, khoma la bogi lili ng'oma. Amalawi, Azambia ndi anthu a ku Mozambique amene anapita ku Joni, kaya kudzera ku Wenela kaya pawokha, ena mwa iwo anakwera sitima zimenezi, ndipo adzukulu awo akukwerabe. Tsankho litatha, kalasi yoyamba inatchedwa MetroPlus ndipo yachitatu inatchedwa Metro, kusambitsa dzina kuja kwa mu 1956. Ku Lusaka, m'zaka za m'ma 1990, kunayenda sitima ya m'tauni yotchedwa Njanji Commuter, liwu lathu ndi liwu la ku America atakhala benchi imodzi. Ku Harare "commuter omnibus" ndi minibasi, moti liwu lomwe linayamba ngati dzina la tikiti, n'kukhala dzina la munthu, linadzamatirira pa galimoto.

Zimene ndinalemba

Pali njira ina yowerengera anthu m'sitima. Boma la Japan linkafotokoza kuthithikana ponena zimene thupi lingathe kuchita: pa mlingo wina munthu atha kutambasula nyuzipepala, pa wina atha kuiwerenga ataipinda, pa wina sangathe ngakhale kusuntha dzanja. Chichewa chimaganiza motero kale. Sitinena kuti chinthu chili ndi "capacity". Timati anthu akwana, adzaza, apanikizana, athithikana, ndipo liwu lililonse limamveka m'nthiti. Aliyense amene anakwerapo minibasi amadziwa kuti atatuatatu ndi anayianayi ndi mpando womwewo, chosintha ndi amene walamula.

Ndinabwerera ku tebulo lija ndi maganizo amenewa. Madzi saiwala khwawa, ndipo mawu nawo saiwala kumene adutsa. Ndikanalemba kuti "malo okwana anthu akuti", ndikanathandiza kubisa chigamulo chimene munthu wina anachita mu ofesi, choti pa anthu atatu alionse awiri aziimirira. Ndikanalemba "katundu wofinyika", ndikanatukwana owerenga. Pa mzere woyamba ndinalemba kuti "okhala pa mipando". Pa wachiwiri, "oimirira momasuka, anayi pa sikweya mita". Pa wachitatu ndinalemba kuti "anthu akathithikana kotheratu: nambala iyi ndi yoyesera mphamvu ya sitima, si ya ulendo wa tsiku ndi tsiku". Eni ntchito anadandaula kuti mzerewo watalika ndipo sukukwana m'kabokosi kake. Ndinawapempha kuti akulitse kabokosiko.